Moto wa M'chigafa Sunandichiritse

Mphamba, Lundazi

Monire achimwene a Luckson,

Muli bwanji ku Kitwe kumeneko, pamodzi ndi alamu ndi ana? Kuno tadzuka, kungoti nyamakazi ija sinandisiye, mawondo atupa ngati maungu.

Mukukumbuka tsiku lija chigafa cha fodya chinapsa ku Chikomeni, mwana wanga Jemima ali m'kati? Ine amene ndinatha miyezi itatu ndikukwawa, ndinathamanga n'kumutulutsa, osamva kuwawa kulikonse. Mwamuna wanga Danwell sanathokoze. Anauza mudzi wonse kuti moto waulula bodza langa, ati ndimadwala dala pothawa khasu. Anandibweza kuno kwathu, Jemima n'kutsala naye. Mwanayo tsopano amauzidwa kuti amake ndi abodza.

Sabata yatha ndinaonana ndi dokotala ku Chipata. Ndinamufotokozera za motowo mwamanyazi, ndikuyesa andiseka. Iye anati pamene ubongo umakumana ndi khosi pali tsinde lotumiza mauthenga mu mtsempha waukulu wa m'msana. Pangozi, tsindelo limatulutsa timadzi ta m'thupi momwemo totseka njira ya ululu, munthu n'kuthamanga. Koma kutupa kukakhalitsa, tsinde lomwelo limatha kutsegula njirayo mopitirira, mpaka chitenje chongokhudza bondo chimawawa. Ndinamupempha alembe zonsezo m'Chinyanja, adinde chidindo. Ndinalira, achimwene, koma inali misozi ya ukali.

Pano fodya wauma, osankha akusowa, ndiye Danwell watumiza uthenga kuti ndibwerere. Ati wandikhululukira.

Ndiulule kwa inu, mtima wanga sukufuna mtendere. Ndavomera kukakumana naye Loweruka lomaliza la mwezi uno, abale ake onse alipo. Chonde bwerani mudzakhale pambali panga, chifukwa atate kulibe, ndipo kumeneko mawu a mkazi payekha sapita patali. Kalata ya dokotala ndidzampatsa iyeyo, aiwerenge mokweza ndi pakamwa pomwepo pamene ananditukwanira, Jemima atakhala kutsogolo. Akadumpha mzere adzayambirenso.

Akamaliza ndidzaimirira pang'onopang'ono, mmene mawondo anga angalolere, ndigwire mwana wanga padzanja tizipita. Fodya wakeyo Danwell asankhe ndi amake.

Mundiperekere moni kwa alamu a Brenda ndi ana. Mulungu akusungeni mpaka mudzafike.

Ine mlongo wanu,
Linah