Bambo ndi Bokosi Losalira

Lolemba, 3 Malichi

Magetsi azimanso m'mawa. Bokosi lija layamba lokha, makina ofungatira mazira sanazizire ngakhale pang'ono. Mtima pansi. Chaka chatha jenereta inandifera, mazira onse n'kuola, makasitomala n'kundithawa. Awa akaolanso, za anapiye ndasiya.

Bokosilo ndi lalitali ngati firiji. Limadya mpweya wa haidirojeni wa m'masilinda, n'kutulutsa magetsi. Utsi ayi, phokoso ayi. Bambo sakulikhulupirira. Munthu wakalamba akukonza majenereta, makutu anazolowera chiphokoso. Akuti, "Makina osalira ndi akufa, mwanawe. Akupusitsa."

Lachitatu, 5 Malichi

Bambo tsiku lonse kuzungulira bokosi, manja kumbuyo ngati kapitawo. Apeza kapaipi kakudontha madzi kuseri. "Si ndinanena? Chatsopano koma chayamba kale kudontha." Ndawayankha kuti ndi mmene chimachitira, ine maso pafoni. Sindinafotokoze bwino. Nsapato ya mwana yang'ambikanso, mapazi amenewa akukula ngati maungu.

Lachinayi, 6 Malichi

Kalanga ine. Ndinapita kokagula chakudya cha anapiye ndi katemera. Pobwera, magetsi kulibe, bokosi layatsa getsi lofiira, mazira ofunda pang'ono chabe. Kuseri, kapaipi kaja kopindidwa, komangidwa ndi mphira ya chubu, waya pamwamba. Mamangidwe aukhondo, odziwikiratu mwini wake.

Ndinaimbira injiniya amene anatiikira bokosili, mayi wa magalasi uja. Akuti madziwo ndi thukuta lake. Mkati muli timapepala topyapyala, ndipo madzi akasowa kotulukira timamira, mpweya osadutsa. Akuti masulani msanga, ndikubwera.

Bambo ndinawakalipira, pamaso pa mdzukulu wawo. Mawu amene ndinalankhula sindiwalemba. Chondiwawa n'chakuti ndinawapeza atafunditsa makina a mazira mabulangete awo onse, mabotolo a madzi otentha m'mbalimbali, thukuta kamukamu. Osadziwa kuti athimitsa ndi iwo.

Lachisanu, 7 Malichi

Injiniya dzulo anaumitsa bokosi, lili bwino. Timapepala sitinawonongeke. Ndinapuma, chifukwa mtengo wake sindinafune n'kuufunsa komwe. Ataona mfundo ya Bambo anaseka, akuti paipi ya mafuta itamangidwa chonchi singadonthe mpaka kalekale. Bambo sanaseke nawo.

Lero ndaunika mazira ndi tochi, chitseko chotseka, kuti ndione ngati muli moyo. Dzira loyamba zii. Lachiwiri zii. Dzira lachitatu kanthu n'kugwedezeka mkati. Lachinayinso, lachisanunso. Ndinangokhala pansi n'kulira ngati mwana. Injiniya akuti mwina mabulangete aja ndiwo athandiza.

Ndawauza Bambo. Angogwedeza mutu. Chakudya abweza, akuti m'mimba.

Lamulungu, 9 Malichi

Bokosi lawo la masipanala Bambo alipereka kwa woyandikana nafe. Akuti alibe nalonso ntchito. Zandilasa mtima. Ndakalitenga, ndalibwezera pansi pa bedi lawo. Kupepesa kwa kholo lako kumavuta bwanji!

Lachitatu, 12 Malichi

Aswa! Magetsi anazima chakum'mawa, ine osadziwa n'komwe. Wandidzutsa ndi mwana, akuti Agogo akukuitanani. Ndawapeza m'chipinda cha mazira, khutu pagalasi la makina ofungatira. Mkatimo phokoso lokhalokha, tianapiye tonyowa, tina chigoba chikadali kumutu. Osaswa alipo, koma ochepa. Makasitomala Loweruka alandira.

Kuseri kwa bokosi ndapeza kapaipi kaja akaongola, akamangirira kukhoma ndi tizitsulo, pansi pake chidebe. Bokosi la masipanala lili pambali, lotsegula.

Ndinati, "Bambo, tsiku lija ndinalakwa." Anakweza dzanja kuti ndikhale chete, khutu likadali pagalasi.

"Tamvera, mwanawe. Tsopano ndiye akulira makina ako."