Manja akudukiza pa TV ya achimwene

Lachiwiri, 10 Juni

Opaleshoni ya diso la achimwene aiika Lolemba likubwerali. Lakumanzere linafa kale chaka chatha, ndiye akagwira lakumanja lotsalalo. Adokotala akuti mwina liyera, mwina lizimiratu. Ananena akuyang'ana ine, ine n'kulemba papepala ndi zilembo zikuluzikulu, achimwene n'kuwerenga pepalalo atalifikitsa pamphuno. Anagwedeza mutu, analipinda kanayi n'kuika m'thumba la malaya.

Munthu wosamva chibadwire makutu ake ndi maso. Za izi sindikufuna kuganiza kwambiri.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Nesi wathu, akufuna alankhule nawo Lamulungu masana. Ndi tsiku lokhalo limene akupuma. Ali kutali ndipo tchuthi amukaniza. Amalankhulana ndi manja, koma pafoni samuonanso, ndipo pa laputopu yanga akuti manja a mwanayo amaoneka ngati ntchentche ziwiri. Ndiye maganizo ndi akuti tiyimbe pa laputopu, chithunzi tichiponye pa TV yaikulu ya pabalaza kudzera pa wayifayi.

Ntchitoyi yagwera ine. M'banja mwathu ukangogwira ntchito mu ofesi, basi ndiwe katswiri wa chilichonse chokhala ndi batani.

Lachitatu, 11 Juni

Ndapita kwa achimwene poweruka. Kulumikiza sikunavute, mphindi zisanu TV inali ikuonetsa zonse za pa laputopu. Ndinaika vidiyo ya nkhani, n'kupita kukhitchini kukathandiza alamu kupukuta makapu. Mawu ankamveka mwaa, osadukiza ngakhale kamodzi. Ndinawauza alamu kuti zatheka, ndipo ndinanena modzimva ndithu.

Kenako pabalaza tebulo linalira. Ndi mmene achimwene amaitanira, kumenya tebulo ndi dzanja. Ndinawapeza aloza TV ndi chibwano. Mayi wowerenga nkhani anali ataima kukamwa kuli yasa, mawu ake akupitirira okha. Kenako anadumpha, n'kuimanso. Ine zaka makumi anayi ndi zitatu ndili mchemwali wa munthu wosamva, ndayesa chinthu chake ndi makutu. Ndinachita manyazi.

Nesi anatumiza kavidiyo koyesera, akulankhula ndi manja. Dzanja likuyambira pachifuwa, laima, likupezeka lili kale kukhutu. Za pakati palibe. Achimwene anaonerera kawiri, n'kulemba pachikuto cha kalendala: KALATA YODYEDWA NDI MBEWA.

Alamu anati tisavutike. “Mwanayo azingolankhula ndi pakamwa, ine ndiziwamasulira pafupi. Kodi si mmene timachitira kuchipatala?” Anawauza achimwene zomwezo ndi manja. Yankho lake ngakhale ine ndinalimva, ngakhale kuti manja ndimangodziwa a moni ndi a m'khitchini. Mwana wawo alankhula naye okha.

Alamu anangoti, “Chabwino, bwana,” n'kubwerera ku makapu.

Lachinayi, 12 Juni

Kuntchito ndafunsa wa makompyuta uja timamuti Bambo Zimitsani, poti mankhwala awo a matenda onse ndi “zimitsani, muyatsenso.” Lero anandidabwitsa, anali ndi ena.

Poyamba anati ndigule chingwe, nkhani ithe. Ndinawauza kuti TV inagwa posamuka, mabowo a kumbuyo anaphwanyikira mkati. Anapukusa mutu ngati ndine ndinaigwetsa. Kenako anandiwerengera pazala, ine ndikulemba kuseri kwa envulopu. Laputopu ikhale pachaja, chifukwa pabatire imaumira mphamvu. Nditseke zonse zimene zatsegulidwa, makamaka zimene zimadzikokera zinthu pa intaneti mwakachetechete. Chithunzi ndichichepetse, chisakhale chapamwamba kwambiri. Mafoni onse a m'nyumba achoke pa wayifayi.

“Nanga rauta ili pati?” anafunsa, kunena kabokosi kamene kamatulutsa wayifayi.

Ndinati pabalaza pomwepo.

“Ndiye ziyenda, mayi. Zikakana, zimitsani muyatsenso.”

Madzulo ndachita zonse. Alamu anapereka foni yawo ngati akupereka mwana kujakisoni. Ndinawerenga ndi wotchi: dzulo chithunzi chimaima ka 11 pamphindi imodzi, lero ka 7. Achimwene anayang'ana kavidiyo ka Nesi, anayang'ana ine, n'kuyamba kusenda lalanje.

Chithunzi chochepetsedwacho chabweretsa vuto lina, zala zikumatirirana. Ndabweza mmene chinalili.

Lachisanu, 13 Juni

Sindinapiteko. Mutu.

Nesi waimba pa nthawi ya nkhomaliro. “Azakhali, musandibisire, zitheka?” Ndati zitheka. Wati ali ndi zinthu zimene akufuna kuwauza adadi ake akumuona, osati mwina mwake. Sindinafunse kuti zinthu zanji.

Loweruka, 14 Juni

Ndafika m'mawa ndi laputopu, chaja ndi envulopu yanga. Alamu akuchapa zovala zopita nazo kuchipatala. Achimwene pakhonde, akunola mipeni imene ndi yakuthwa kale.

Ndinakhala pampando wa pabalaza, n'kuona kachizindikiro ka wayifayi pakona pa laputopu. Timizere tiwiri tokha. Masiku onsewa ndakhala ndikukayang'ana kachizindikiroko osakaona. Ndinaunguza pashelefu, kuseri kwa TV, pansi pa tebulo. Rauta ija ndinawauza Bambo Zimitsani kuti ili pabalaza, ine mwini wake sindinaionepo chisamukire chawo. Ndinangoganiza.

Ndinafunsa alamu. Anapukuta manja pachitenje n'kunditsogolera kukhonde la mkati, kudutsa bafa, mpaka ku kabati yachitsulo imene achimwene anawotcherera okha akadali pantchito. Chitsulo chochindikala ngati chitseko cha ndende. Anatsegula loko. Kuseri kwa zitini za misomali, pansi pa chigoba chowotcherera, rauta ili phee ikuphethira yokha mumdima. Chingwe chake anachiboolera kabowo kumbuyo, kosalala bwino, ntchito ya mmisiri.

“Alamu, ichi chikutani muno?”

“Afunseni eni ake,” anatero. Koma anafotokoza okha. Belu la pakhomo m'nyumba muno si belu, ndi getsi limene limaphethira munthu akadina panja. Diso litayamba kuchita chifunga, timagetsi ta rauta tinkawaphethirira m'mbali, iwo n'kumanyamuka kukatsegula chitseko. Kakhumi patsiku, kutsegulira mphepo. Tsiku lina aneba anawaona ataima pakhomo akumwetulira munthu woti kulibe. Madzulo ake rauta inalowa m'kabati.

“Mafoni ankagwirabe pang'onopang'ono,” anatero alamu. “Ife tinkati ndi mmene intaneti yakhalira masiku ano.”

Ndinaitulutsa, ndinakoka chingwe chake mpaka pashelefu ya pabalaza, pamalo poonekera, mikono iwiri kuchokera pa TV. Achimwene atalowa n'kuiona, nkhope inagwa. Analoza kabati. Ndinakana. Analozanso, mwamphamvu. Tinaima choncho ngati ana awiri olimbirana mpando. Kenako ndinapita ku kabati komweko, ndinatenga tepi yakuda ya magetsi, ndinawapatsira m'manja n'kuloza timagetsito.

Anaiyang'ana tepiyo nthawi yaitali. Ndikuganiza kuti chinawawawa n'chakuti sanaiganizire okha. Anadula tizidutswa tisanu tofanana ndendende, n'kumata kamodzikamodzi, akupapasa ndi chala.

Timizere tinadzaza. Panatulukiranso dzina lachiwiri la wayifayi, lothera ndi 5, limene m'kabati muja silinkatuluka n'komwe. Ndinaimbira Bambo Zimitsani, Loweruka lawo lomwe. Anati limenelo ndiye lothamanga, koma silikonda makoma, ndiike laputopu ndi TV zonse pamenepo. Kenako anafunsa kuti nanga linali kuti masiku onsewa. Ndinati nkhani yake ndi yaitali.

Ulendo uno poyesa ndinatsekeratu mawu. Kavidiyo ka Nesi kanayenda kuyambira pachifuwa mpaka kukhutu, zala zonse zikuoneka. Mphindi khumi, osaima. Achimwene anakaonera kasanu. Alamu akuti mwanayo akungonena kuti kumene aliko kukuzizira ndipo wagula nsapato.

Lamulungu, 15 Juni

Nesi anaimba 2 koloko ndendende. Mpando wa achimwene tinausendeza pafupi ndi TV, laputopu pa mabuku atatu kuti kamera iwaone kuyambira m'chiuno kupita kumutu. Makatani tinatseka mbali ya TV, tinatsegula mbali yawo. Achimwene anavala malaya oyera kuti manja azioneka bwino, ngati akupita kukafunsira ntchito.

Nesi anatipatsa moni ndi pakamwa, n'kunena kuti, “Amama, azakhali, pepani, tsekani mawu.” Alamu anapita kukhitchini. Ine ndinatsala chifukwa cha makina, ndinakhala pakona, maso pa timizere.

Analankhula mphindi makumi asanu. Manja awo amathamanga akakhala awiri, moti ndinatolapo zochepa: nyumba, amayi, ayi, ayi kachiwiri. Pena achimwene anaseka, kuseka kwawo kuja kosadzimva, kokweza mpaka alamu anasuzumira. Pena Nesi anaika manja pansi n'kungokhala. Ndinadzidzimuka kuti chithunzi chaima, ndinanyamuka. Achimwene anandikaniza ndi dzanja osandiyang'ana. Sichinaime. Mwanayo ankalira.

Atatsazikana, TV inabwerera ku chithunzi cha laputopu yanga, mafayilo a kuntchito ali mbwee. Ndinayamba kukulunga chaja.

Tebulo linalira. Ndinapita. Anandikhazika pampando moyang'anana nawo, maondo akugundana. Kenako anatsinzina maso onse awiri, anafunafuna manja anga, n'kuika awo pamwamba pake. Olemera, okhakhala, zipsera za moto paliponse. Anangodikira.

Ndinazindikira mochedwa kuti akufuna ndinene kanthu, amve ndi manja. Ndinachita mantha kuposa tsiku la adokotala lija. M'mutu munalibe chilichonse. Ndinapanga chizindikiro cha tiyi.

Anapukusa mutu, maso ali chitsinzinire. Anandiwongola chala chachikulu, anandipinda dzanja pang'ono, n'kubwezeretsa manja awo pamwamba.

Ndinabwereza.