Thabwa la Pansi pa Windo

Lolemba, 3 Novembala
Kalipentala wayamba kuzula matabwa akunja kwa chipinda changa. Amene anawakhoma ndi malemu Bambo, ine ndili ndi zaka zisanu. Kalipentalayo akuti, "Mayi, amene anakhoma awa anawazondotsa. Lapamwamba limayenera kuphimba mlomo wa lapansi, ngati mamba a nsomba. Apa mvula mumachita kuiuza kuti lowani."
Amayi anaseka. Anaseka!

Lachiwiri, 4 Novembala
Tsiku lonse matabwa asanu ndi limodzi basi. Tiyi makapu atatu. Wabwerera khoma kapena china? Akunditcha "a foromani" chifukwa ndimamusuzumira pawindo. Sindimuyankha.

Lachitatu, 5 Novembala
Pobwera kusukulu ndinafufuza mulu wa matabwa akale. La pansi pa windo palibe, lija Bambo anadindapo dzanja lawo ndi langa ndi penti wabuluu. Kalipentala akuweruka, ndinaona chinthu chachitali chokulungidwa m'thumba pa njinga yake. Nditauza Amayi angoti, "Kawerenge iwe, mayeso ayandikira."
Akudziwa. Mwina anamuuza okha kuti alichotse pano.

Lachinayi, 6 Novembala
Levulo ya kalipentala, chida choyezera ngati thabwa lapendekeka, ili pansi pa matiresi anga. Thabwa likabwera, nayonso ituluka. Anasakasaka, kenako n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Anathira madzi m'botolo, n'kuligoneka pathabwa m'malo mwa levulo, ntchito n'kupitirira. Munthu wosakwiya ndi woopsa.

Lachisanu, 7 Novembala
Sanabwere. Mvula masana onse. Pamene wakhoma iye, mkati mwauma gwa. Mbali ya Bambo madzi chuchuchu mpaka pa mabuku anga. Zandinyansa.

Loweruka, 8 Novembala
Wabwera ndi thumba lija, n'kulowa nalo m'chipinda mwanga, nsapato atavula. Thabwa lija. Wadula kofumbwa konse, wapaka vanishi. Manja onse awiri alipo. Langa kachepechepe.
"Ili lavumbwa mokwanira," anatero. "Tilikhome mkati muno, pamwamba pa bedi. Koma popanda levulo lipendekeka, a foromani." Maso ake anali pa matiresi.
Ndinatukula matiresi. Ndinamupatsa levulo yake.
Iye anagwira thabwa, ine hamala. Msomali woyamba ndinaupinda. Wachiwiri unalowa.
Potembenuka, Amayi ali pakhomo ndi thireyi, maso ofiira. Makapu atatu. Ndinayang'anitsitsa kuti ayamba kupatsa ndani.
Anayamba ine.