Mwendo Wachitatu wa Pulagi

Okondedwa alamu,

Choyamba ndifunse moyo wanu. Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi akazi anu ndi ana? Chifuwa chija chinakusiyani? Ife kuno tilipo, koma sindinganame kuti tili bwino.

Mukhululuke zilembo zokhotakhota. Ndikulembera pabondo, mwana ali kumsana, ndipo dalaivala wa kuntchito kwanu amene atenge kalatayi wati sadikira munthu. Foni m'nyumba muno ndi imodzi, imayenda m'thumba mwa amuna anga, ang'ono anu, n'chifukwa chake ndagwira pepala.

Nkhani ndi ya gitala ya besi ija munawasiyira pochoka. Musaganize kuti ndikukuimbani mlandu, ayi. Gitalayo payokha ilibe vuto.

Inu mukudziwa mmene ang'ono anu amaikondera. Akaweruka, asanasambe n'komwe, amayamba aipukuta. Nsambo zinayi zija zikafa mawu amazimasula n'kuziwiritsa m'poto wanga, akuti thukuta ndi litsiro zichoke, zilire ngati zatsopano. Potoyo ndinachita kuwasiyira chifukwa tiyi ankamveka dzimbiri. Amatha kukhala tsiku lonse ndi kasipanala kopindika kaja, akupotokola m'khosi mwa gitala, kenako n'kuiyang'ana ndi diso limodzi ngati kalipentala, akuti nsambo zatalikira, zala zikupweteka. Ine ndinkangoseka. Ndinkati bola mwamuna wokhala pakhomo ndi mawaya ake kusiyana ndi wakumowa.

Vuto linabwera ndi ampu, chibokosi chokweza mawu chija. Yanu munapita nayo, ndiye iwo anakapeza ina yakalekale kwa wokonza mawailesi, yolemera ngati thumba la simenti, nsalu yakutsogolo yong'ambika. Atangoiyatsa inayamba kung'ung'udza ngati muli njuchi. Akagwira nsambo phokoso limachepa, akachotsa dzanja limabwerera. Zinawasowetsa mtendere. Anasintha chingwe, anasuntha bokosilo ngodya zonse za chipinda, koma ayi ndithu.

Ndiye kunabwera mnzawo woimba ng'oma, amene anzake amamutcha Pulofesa chifukwa palibe chimene sachidziwa. Anangoyang'ana pulagi n'kunena kuti vuto ndi mwendo wachitatu uja, wautali wapamwamba. Akuti ndi umene umakoka phokoso la m'khoma, ndipo oimba enieni onse amauchotsa. Ang'ono anu anatenga pulayala n'kuuthyola ine ndikuona. Kuyambira pamenepo, kuti pulagi ilowe amachita kutokosa soketi ndi kamtengo ka machesi.

Ine ndinafunsa kuti nanga amene anauikapo mwendowo anali wopusa? Pulofesa anaseka mpaka kutsokomola. Akuti alamu inu za mapoto ndi zanu, za sawundi tisiyireni eniake.

Phokoso linachepadi pang'ono. Koma nsambo zinayamba kuluma. Ndinkawaona bambo a mwana akukutumula zala, makamaka akaponda pansi opanda nsapato. Ndikafunsa ankati ndi kashoko chabe, besi yabwino imaluma mwini wake. Basi n'kuvala patapata n'kupitiriza.

Mwana wathu uja munamusiya akukwawa tsopano akuyenda. Pano anthu amangomutcha Kapitawo, chifukwa amayenda manja kumbuyo, kuyendera chilichonse m'nyumba ngati alipo amene wamulemba ntchito.

Lamlungu la sabata yatha m'mawa ndinakolopa. Simenti inali isanaume. Bambo ake anayatsa ampu, n'kutsamiritsa besi pabedi, n'kutuluka kukayankha foni. Ine ndinali pakhomo ndikufinya chikolopa. Ndinangomva ampu ikulira mawu amodzi aatali oipa. Mwana sanalire, alamu. Nditacheuka ndinamuona ataima pa simenti yonyowa, dzanja lamanja litafumbata nsambo, thupi lonse likunjenjemera, kukamwa kuli yasa koma mawu osatuluka.

Sindikudziwa amene anandipatsa nzeru. Ndinathamangira kukhoma n'kuzula pulagi. Mwana anagwa ngati nsalu yochoka pachingwe. Ndinamunyamula ali lobodo, ndikumuitana osayankha. Mayi osoka zovala a chipinda choyandikana nafe ndi amene anandilanda, n'kumugoneka, n'kumuuzira mpweya m'kamwa. Kenako mwana analira. M'dzanja mwake munali mizere iwiri yoyera, mmene munadutsa nsambo.

Ndinene zoona, ang'ono anu analira. Anathamanga naye kuchipatala opanda nsapato, misozi ili chuchuchu, anthu mumsewu akupatuka. Koma titafika pageti anaima n'kundigwira mkono. Akuti ukanene kuti wagwira poto wamoto. Akuti tikatchula magetsi eni nyumba amva, atithamangitsa, ndipo anthu azinena kuti ndinafuna kupha mwana ndi gitala. Ine mutu sunkagwira. Ndinanenadi za poto. Anamupaka mankhwala, n'kumumanga, n'kutiuza kuti tizipita.

Kunyumba mwana ankangodzidzimuka, bere akukana. Mtima sunandilole. Mawa lake ndinabwerera ndekha kuchipatala n'kukaulula kwa anamwino. Anandikalipira, ndipo sindiwada. Akuti mayi, moto wa magetsi umawononga m'kati kuposa zimene maso akuona, mukanatiuza tsiku lomwelo. Adokotala anamuyeza mtima, akuti ukugunda bwino. Koma zala ziwiri zapakati sizikuwongoka. Ati tizipita naye azikaziona. Nditafunsa ngati zidzawongoke, anangoti tiona. Tsopano Kapitawo amatenga kapu ndi dzanja lamanzere, lamanjalo amalibisa m'khwapa.

Ine ndinkayesa kuti basi, chibokosi chija chituluka m'nyumba muno. Masiku oyamba anachifunditsa nsalu, osachiyang'ana n'komwe. Kenako Pulofesa anabwera, akuti kudzazonda wodwala. Mwanayo anangomupatsa moni wa pamutu, kwinako onse awiri anali atagwada pa ampu. Mlandu anauzenga okha n'kuugamula okha. Akuti cholakwa ndi madzi. Akuti munthu amakolopa bwanji anthu akufuna kuimba? Ndiye kuti amene ndinapsereza mwana ndine.

Atatero anatsegula kumbuyo kwa besi n'kudula kawaya kena kakang'ono kopita pansi pa chitsulo chogwira nsambo chija. Akuti tsopano nsambo zasiyana ndi magetsi. Ang'ono anu anayatsa ampu n'kugunditsa tsaya lawo pansambo kuti ndione. Zoonadi sizinalume. Anandiyang'ana ngati apambana mlandu, akuti waona mayi, nkhani yatha. Njuchi zija zinabwerera, mwinanso kuposa kale, koma akuti zimenezo aziona pambuyo.

Nkhani sinathe, alamu. Mawa lake iwo akuimba, Kapitawo ananyamuka kulunjika pa ampu. Pali kagetsi kofiira kamene amakakonda, amakaloza n'kumaseka. Ndinalumpha kukamukoka, ndipo mkono wanga unakhudza chitsulo cha kutsogolo kwa bokosilo, pamene pali timabatani. Sindinamvepo ululu wotero. Mkono unafa mpaka m'phewa, mano analumana okha. Ine wamkulu, nditavala patapata, pansi pouma.

Nditawauza anati nanga wakutuma ndani kukhudza? Akuti ungomuphunzitsa mwanayo kuti kumeneko sapitako. Alamu, mwana amene sanayambe n'kuyankhula komwe ndimuphunzitse bwanji? Chipinda chathu mukuchidziwa, ndi chimodzi. Bedi pomwepo, ndowa ya madzi pomwepo, ampu pomwepo. Timabatani tija tili pamsinkhu wa nkhope yake. Ndikapita kukatunga madzi ndimamubereka, ndikamasamba ndimakhala naye, tulo sindikutiona.

Ndinawapempha mwaulemu, nditagwada. Ndinati bwezerani pulagi ya miyendo itatu, kapena pitani nayo kwa wokonza aione m'kati. Akuti wokonza uja amasunga zinthu za anthu mpaka zimere ndevu, ndipo nthawi palibe. Mnzawo wina wa kuntchito wawapempha kuti akaimbe paphwando lake. Aka n'koyamba kuti munthu awapemphe, ndipo chimwemwe chawo ndinachiona ndi maso. Nsambo aziwiritsanso, zili pachingwe ngati zovala. Loweruka likudzali gulu lawo lonse loimba lidzakonzekera muno m'chipinda, tsiku lonse, ampu ili chiyakire, zingwe zili mbwee pansi. Akuti likatha phwando akonza zonse.

Ndinapsa mtima, ndinati ndidzachiponya m'ngalande chibokosi chanucho. Sanakweze mawu. Anangondiyang'ana n'kunena kuti mkazi amene adzakhudze ampu yawo alongedze zake, koma mwana atsale, chifukwa ndi magazi awo. Chikwatirane sananditambasulirepo dzanja, zimenezo sindiwanamizira. Koma maso amene anandiyang'ana nawo tsiku limenelo sindinawaonepo.

Dzulo ang'ono anu ananyamuka ndi lole ya kuntchito kwawo, abwera Lachisanu. Tsopano ndikuuzeni chimene ndachita.

M'mawa uno ndinabereka mwana, n'kupempha mayi osoka aja kuti anditwike ampu. Anandifunsa ngati ndaganiza bwino. Ndinati nditwikeni. Ndinayenda nayo mpaka kuseri kwa msika, kwa bambo ogula zitsulo zakutha. Khosi linkachita ngati lithyoka, ndinapuma kangapo osatula, chifukwa ndikanatula palibe akananditwikanso.

Bambowo anaizungulira, n'kuigogoda, akuti mayi, ichi chikuoneka kuti chimalira, mwini wake akudziwa? Ndinati mwini wake ndine. Akuti ndiye ingosiyani, ilipo mipingo imene ikufuna zoterezi. Ndinati ayi, kumeneko kulinso ana. Ndinamasula nsalu ya padzanja la Kapitawo n'kuwaonetsa. Anayang'ana dzanjalo. Anatenga hamala yaikulu. Ndinati muphwanye ine ndikuona, sindichoka. Anaphwanya thabwa, anaphwanya timabatani, anazula zam'kati n'kuziponya pamulu. Mwana ankalira ndi phokosolo, ine ndinali chilili mpaka kunatsala zidutswa zokhazokha.

Pobwerera mutu unali wopepuka. Ndinalowa m'nyumba, ndinaona malo ake pa simenti, oyera, a ngodya zinayi, fumbi litazungulira. Pamenepo mpamene mantha anandigwira bwinobwino.

Besi yanu sindinaikhudze. Ili pakhoma, pamsomali wake. Popanda magetsi imalirabe chapansipansi, munthu utakhala pafupi umamva. Sindikudana ndi nyimbo zawo, alamu, Mulungu ndi mboni. Ndili ndi pakati ankaibwereka kwa inu n'kumandiimbira, mwana n'kumagunda m'mimba, tonse n'kumaseka. Ndikudziwa kuti ndawaphera chinthu chimene anachidikira nthawi yaitali, ndipo adzachita manyazi pamaso pa anzawo. Zimenezo zikundipweteka. Koma ndikanati ndichitenso, ndikanasenzanso.

Chimene chikundiopsa si kumenyedwa. Akafuna andimenye, thupi limapola. Chikundiopsa n'chakuti andithamangitse mwana n'kutsala. Pulofesa ali ndi ampu ina kwawo, ndipo ndi pakamwa pake anadzitama kuti nayonso anaithyola mwendo. Loweruka adzabwera nayo, zimenezo n'zosachita kufunsa. Tsono ine ndikakhala kulibe, adzazule pulagi ndani? Bambo ake akagwira besi amatsinzina, dziko lonse amaliiwala.

Kwathu kothawira mukudziwa kuti kulibe. Mayi anapita, achimwene anga ali ndi mavuto awo. Ndikathawa ndi mwana adzati ndamuba, ndipo adzanditsatira. Munthu mmodzi yekha amene ang'ono anu amamva mawu ake ndinu. Munawalera ndinu, chala choyamba pansambo munawaikira ndinu. Inu mukati ichi n'choipa satsutsa, koma ndikanena ine akuti ndi mantha a akazi.

Ndiye pempho langa ndi ili. Kalatayi ikangokufikani, aimbireni foni asanafike pakhomo. Muwauze kuti munandituma ndinu. Munene kuti munamva za mwana kwa dalaivala wanu, n'kulamula kuti ampu iphwanyidwe. Akakwiya akwiyire inu, chifukwa inu sangakuthamangitseni. Muwauzenso za mwendo wa pulagi uja ngati mmene mukudziwira inu, chifukwa yanu ija munaimba nayo zaka zambiri ndipo sindinamvepo kuti inaluma munthu.

Ndikudziwa kuti ndikukupemphani kunama, inu munthu wamkulu wopemphera. Ngati simungathe, musaname. Koma mukatero bwerani ndi thupi. Pemphani tchuthi kwa abwana anu, muwauze kuti kwanu kuli matenda, pamenepo simunama. Lachisanu akamatsegula chitseko n'kuona pangodya palibe kanthu, adzakupezeni inu mutakhala pampando, Kapitawo ali pamiyendo panu. Mudzamasule nsalu ya padzanja lake nokha, muone, kenako muyankhule.

Mukapanda kuimba foni ndiponso kubwera, ine ndidzakhala pompano. Ndidzasesa, ndidzaphika, ndidzawalandira chikwama ngati masiku onse, ndipo ndidzawauza ndekha asanafunse. Mwana ndidzamumanga kumsana ndi nsalu ziwiri. Amene adzafune kumutenga adzayambe wamasula mfundo zimenezo.

Dalaivala waliza hutala, ndilekere pomwepa. Mundiperekere moni kwa akazi anu, muwauze kuti atikumbukire m'mapemphero. Moninso kwa ana onse, makamaka wamkulu amene akulemba mayeso. Mulungu akusungeni, akupatseni mayendedwe abwino.

Ndine mlamu wanu,
Mayi a Kapitawo