Paipi ya Nyukiliya Sapaka Penti

Lolemba, 3 Malichi

Kalata yabwera! Ya ku unduna wa zamagetsi, chidindo chilipo, dzina langa osaphonya ngakhale chilembo chimodzi. Ndaiwerenga kanayi, kawiri chiimirire, kawiri nditakhala pachitini cha penti. Andiitana kumayeso a owotcherera zitsulo. Ine Mbaliwali wa mageti ndi zitsulo za m'mawindo. Zaka 46.

Ndilembe bwino nkhani yake, ndingadzaiwale. Maboma anayi, lathu ndi atatu oyandikana nafe, akusonkherana ndalama kuti amange malo amodzi opangira magetsi a nyukiliya. Dziko limodzi palokha silingakwanitse, akuti mtengo wake ndi woopsa. Dziko lina lakutali labwera ndi akatswiri ndi banki yake. Lililonse mwa anayiwa litumiza owotcherera asanu ndi atatu kukaphunzira kunja miyezi khumi, pobwera ntchito ili kudikira. Asanu ndi atatu basi. Ndikufuna malo amodzi pamenepo. Ndikuwafuna koopsa.

Achimwene, eni shedi yathu, amene anandigwiritsa moto koyamba ndili ndi zaka 19, ayamba kale kudzitama kwa makasitomala. Iwo zaka zawapitirira, sakutenga odutsa 50. Anangoti, "Ukawaonetse, mchemwali." Kenako n'kuyamba kufunafuna hamala yomwe inali m'manja mwawo.

Bambo a kunyumba ataweruka kubasi yawo ayi ndithu kuseka. Akuti, "Ndiye mayi muziwala mumdima, tisiye kugula makandulo?" Ndawaponyera kansalu kopukutira mbale. Munthu wosamva uyu.

Lachinayi, 6 Malichi

Tsiku loyamba. Holo yaikulu ya sukulu ya ntchito zamanja, pansi poyera ngati kuchipatala. Owotcherera a mayiko onse anayi pamodzi, pafupifupi 90. Akuti mayeso akhale amodzi, woyesa mmodzi, kuti pasakhale boma lolowetsa ana a azakhali. Akazi tilipo atatu. Masabata awiri oyeserera, mayeso enieni pa 21.

Woyesayo ndi mzimayi wa dziko lakutali lija. Wamtali, tsitsi la imvi, tochi m'manja nthawi zonse ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Pofika nthawi ya tiyi holo yonse inali ikumutcha Mai Tochi.

Pabenchi andiphatikiza ndi bambo wa dziko loyandikana nafe, wachipewa chaubweya chomwe savula ngakhale pansi pa chisoti. Ndamutcha Chipewa. Chilankhulo chake sindimva, changa samva. Moni wa manja basi.

Atipatsa zidutswa ziwiri za paipi kuti tilumikize. Ha! Zimenezi? Ndawotcherera, ndatenga gilainda, ndasalaza mpaka mzere osaoneka. Pakanakhala penti pafupi ndikanapaka. Mmene timachitira ndi geti, kasitomala akasisita ndi dzanja asamve chotupa. Ndaima pambali manja kumbuyo kudikira kuyamikidwa.

Mai Tochi aunika, aunikanso. Womasulira akuti, "Akufunsa kuti mwabisa chiyani."

Ine kubisa? Zaka 27 pantchito, ndibise? Magazi anathamangira kumutu. Koma nditayang'ana uku ndi uku, theka la holo linali litasalaza ngati ine. Tonse a mageti. Akuti kuno mzere umasiyidwa mmene moto wausiyira, aliyense auone. Mapaipi onse atengedwa kukajambulidwa pa ekisire, ngati munthu wothyoka mwendo.

Loweruka, 8 Malichi

Chithunzi chatuluka dzulo. Timabowo khumi ndi kamodzi m'kati mwa mzere wanga. Ndinawerenga ndekha, kawiri. Kunja kosalala, m'kati ngati buledi.

Manyazi! Kenako kuseka, chifukwa wa benchi yakutsogolo, uja amayenda chifuwa patsogolo, anali nato 30.

Mai Tochi anatifotokozera mosakalipa. Geti ikathyoka mwini wake amatukwana n'kubwera nayo. Paipi iyi idzanyamula madzi otentha koopsa zaka 60, pamalo poti munthu sangalowe kukakonza. Ndalama za mayiko anayi zidzakhala zitatsamira pa mzere wa munthu mmodzi.

Ndawaonetsa achimwene chithunzicho. Anachikweza kudzuwa nthawi yaitali. Akuti, "Ndiye kuti mageti athu onse aja ali chonchi m'kati?" Tinayang'anizana.

Lachitatu, 12 Malichi

Mikono kuwawa, khosi kuuma, koma mtima mbee. Ndikuphunzira ngati mwana wa sukulu ndipo zikundikoma, sindinama.

Chipewa ndi katswiri, abale. Chithunzi chake choyamba chinali ndi kabowo kamodzi kokha. Wandiphunzitsa ndi manja okhaokha. Kugwira dzanja langa kuti ndichepetse liwiro. Kuloza khutu lake kuti ndizimvera kulira kwa moto. Ndodo zowotcherera zizikhala mu uvuni, zisamwe chinyezi. Mzere uliwonse kuupala ndi bulashi yawaya mpaka nkhanambo yakuda ija ithe, ndiye kuika wina pamwamba. Kwathu kushedi ndodo timasunga pansi pa tebulo pomwe galu amagona!

Ndikalakwitsa amagwira chipewa chake ndi manja awiri ngati chikuuluka. Ndikakhoza amaomba chala pabenchi katatu. Ine ndimamubweretsera buledi wopaka, iye tiyi wa m'fulasiki wotsekemera mopweteka mano.

Vuto lake limodzi. Mai Tochi akangoima kumbuyo kwake, dzanja limayamba kunjenjemera. Bambo wamkulumkulu, thukuta kamukamu. Ndamuuza ndi manja kuti azipuma mpweya. Wangoseka.

Lamulungu, 16 Malichi

CHITHUNZI CHOYERA! Lachisanu. Kabowo ngakhale kamodzi ayi. Mai Tochi anagwedeza mutu kamodzi, ndipo kwa iwowo kumeneko ndiye kuvina. Ine ndinavina zenizeni, chisoti chili kumutu. Chipewa anaomba benchi mpaka bulashi kugwa.

Anandilola kutenga chithunzicho. Ndachimata pawindo la pabalaza kuti dzuwa lizichiwalitsa. Bambo a kunyumba auza aneba kuti ndi ekisire ya msana wawo, aneba n'kuwapepesa. Ndinaseka mpaka kukhala pansi.

Madzulo pawailesi nkhani yosakoma. Nduna za mayiko anayi sizikumvana. Lina likuti likusonkha zambiri ndiye magetsi ambiri akhale ake, lina likuti malo omangapo ndi athu ndiye tisamalipire mofanana. Banki ikudikira onse asaine. Akapanda kusaina, kulibe ulendo, kulibe ntchito. Inu anduna inu, ife m'holo tikubwerekana mabulashi osamvana ngakhale liwu limodzi, inu muli ndi omasulira khumi mukukanika chiyani?

Ndazimitsa wailesi. Ndachapa ovololo.

Lachisanu, 21 Malichi

Mayeso. Ndilembe msanga dzanja lisanaume.

Maola atatu, paipi yokhuthala, mizere isanu. Woyamba bwino. Wachiwiri bwino kwambiri, ndinkachita kuimba m'chisoti. Wachitatu, chapansi pa paipi, moto unasintha kulira. Kamphindi kochepa chabe. Ndinadziwa pompo kuti kankhanambo katsekeredwa m'kati.

Palibe anaona. Mai Tochi anali kutsidya la holo. Mizere iwiri pamwamba, kakanakwiririka. Mwina ekisire ikanakaona, mwina ayi, kanali kakang'ono. Dzanja linkafuna kupitiriza lokha, lazolowera zaka zonsezi. Nthawi ikuthamanga.

Ndinazimitsa moto. Ndinakweza dzanja. Mpaka pano sindikudziwa kuti ndi nzeru kapena uchitsiru.

Anabwera, ndinaloza malowo. Anaunika, analemba m'buku lawo, anati ndikumbe ndiyambirenso pamenepo. Ndinakumba, kankhanambo kanalipodi, ngati kambewu ka mpiru. Ndinamaliza mochedwa ndi mphindi 12. Kuchedwa amachotsera malikisi, anatiuza kale.

Chipewa anamaliza nthawi yabwino koma nkhope sinali bwino. Mai Tochi anaima kumbuyo kwake nthawi yaitali. Potsanzikana tinapatsana manambala a foni, ngakhale sindikudziwa kuti tizidzalankhula chiyani. Mabasi obwerera kumayiko kwawo anyamuka madzulo omwewo.

Bambo a kunyumba anandidikira pageti ya sukulu ndi botolo la zakumwa zozizira. Sanafunse kanthu. Nthawi zina munthuyu amaganiza.

Lachiwiri, 25 Malichi

Zotsatira za dziko lathu azimata pakhomo la unduna. Okhoza tilipo khumi ndi mmodzi. Chithunzi changa choyera.

Nambala 9.

Malo asanu ndi atatu, ine wachisanu ndi chinayi. Kusiyana ndi wa nambala 8, malikisi awiri. Mphindi 12 zija.

Ndakwiya. Ndakwiyira Mai Tochi, wotchi, dzanja langa lomwe ndinakweza ngati mwana wofuna kupita kuchimbudzi. Achimwene akuti ndinachita bwino. Ndawauza kuti kuchita bwinoko akakwere nako ndege iwowo. Pepani achimwene.

Sindilembanso.

Lachinayi, 3 Epulo

Mageti. Awiri a sukulu ya mkaka, imodzi ya bambo wa golosale.

Wa golosaleyo akudandaula kuti ndikuchedwa, kale geti inkatha masiku awiri. Ndikupala mzere uliwonse, ndodo ndaziika m'chitini chotseka. Dzanja lakana kubwerera kwakale, nditani. Akutinso mzere ukuoneka, ndisalaze. Ndamuuza kuti auone, ndi wabwino, palibe chobisa. Wandiyang'ana ngati ndapenga.

Nduna zikumananso sabata yamawa, atero pawailesi. Zawo zimenezo.

Lachitatu, 9 Epulo

Mayo ine! Ndiyambire pati?

Masana achimwene anayatsa kawailesi kakanema ka mushedi. Asaina! Nduna zinayi patebulo lalitali, mbendera zinayi, wa banki pakati akumwetulira ngati mkwati. Magetsi adzagawana molingana ndi zomwe aliyense wasonkha, nkhani yatha. Ndinaombera m'manja pang'ono, za ulemu. Mumtima ndinkati pitani bwino anzanga asanu ndi atatu.

Cha m'ma 3 koloko foni. Nambala yachilendo. Ndinayankha gilainda ili m'manja, mokalipa, ndimayesa wa golosale. Mzimayi wa ku unduna. Akuti dziko loyandikana nafe lakhozetsa asanu ndi mmodzi okha, malo awiri atsala opanda munthu. Nduna zagwirizana kuti malo otsala asapite pachabe, apatsidwe kwa okhoza bwino a dziko lililonse, ndipo dziko lomwe malowo ndi ake lilipirabe. Pa otsala onse a mayiko anayi, woyamba ndine. Akutinso woyesa analemba mawu pambali pa dzina langa, oti uyu akalakwitsa amanena.

Ndinati bwerezani. Anabwereza. Ndinati bwerezaninso, mayi, makutu angawa ndi a gilainda. Anaseka, anabwereza kachitatu.

Ndinakuwa mpaka galu kuthawa mushedi. Achimwene anandinyamula, bambo wa zaka 58, msana wawo womwe uja! Tinagwera limodzi pamulu wa zitsulo. Wa golosale anabwera kudzaona ngati kwagwa ngozi, nayenso tinamuvinitsa.

Bambo a kunyumba ndinawaimbira ali pasiteji. Akuti analiza hutala mpaka apolisi kuwayang'ana. Pofika kunyumba auza kale msewu wonse kuti mkazi wawo wagulidwa ndi dziko lina ngati wosewera mpira. Akufunsa ngati iwonso awaganizireko, akuti amatha kuphika tiyi. Kenako anati, "Miyezi khumi ndi yambiri, mayi." Ndinawauza kuti ndiwaphunzitsa kuchapa makolala asanandiperekeze.

Boma lomwe sindinalivoterepo, dziko lomwe sindinapondemo, lindilipirira sukulu. Ndikuseka ndekha ngati wamisala.

Lachisanu, 11 Epulo

Ku unduna kukasaina mapepala ndi kujambulitsa cha pasipoti. Atipatsa maovololo atsopano. Anzanga asanu ndi atatu mbendera yathu paphewa. Yanga mbendera ya dziko londilipirira lija. Yandikwana ngati anachita kundiyeza.

Pakhoma mndandanda wa onse 32. Ndinatsika ndi chala pa mayina a dziko londilipiriralo, kwawo kwa Chipewa. Dzina lenileni la Chipewa ndinaliona pafomu tsiku lina, ndikulidziwa. Ndinatsika kawiri. Palibe.

Ndiye kuti mwa malo awiri aja, amodzi anali ake. Munthu amene anandiphunzitsa kumvera moto. Chimwemwe chonse chinatsikira kumapazi. Ndinakhala pabenchi ya pakhonde, ovololo pamiyendo.

Womasulira uja anali pomwepo, ndinamupempha amuimbire foni Chipewa. Ndinati amuuze kuti pepani, sindinadziwe, dzanja lake ndi labwino kuposa langa. Kunamveka phokoso la shedi, nyundo, kenako mawu ambirimbiri. Womasulira anayamba kumwetulira.

Akuti anamva kale dzulo, ndipo wauza tauni yonse kuti wophunzira wake wakhoza. Akuti dzanja linamuchita chipongwe pamzere womaliza, koma chaka chamawa kuli gulu lachiwiri, akuyeserera mkazi wake ataima kumbuyo ndi tochi. Akuti malowo wangondibwereka, ndisawadetse. Magetsi amenewo adzafikanso m'nyumba mwake, ndiye babu ikadzangophethira adzadziwa kuti ndine.

Womasulira anandiyang'ana, kudikira yankho loti amasulire. Ndinangomulanda foniyo n'kuyamba kulira ndi kuseka m'chilankhulo changa, uko nayenso akukuwa m'chake, mphindi zisanu zathunthu, aliyense kuyankha mnzake.

Womasulira anangokhala pansi n'kutisiya.