Dziwe Langa, Repu Wawo

Loweruka, Okutobala 1996. Dzuwa laotcha koopsa, koma mtima wanga ukudumpha ngati kamwana ka mbuzi.

Lero ndinapita ndi amake Dalitso kukaona nyumba ikugulitsidwa kufupi ndi Chalimbana, momwe munkakhala manijala wa famu. Denga ndi lokalamba, koma kuseri kuli dziwe losambiramo la simenti, ndi chitsime cha pampu pambali! Ndi louma, muli abuluzi ndi masamba a mango basi. Ine ndadziona kale ndili chagada pamadzi, aphunzitsi anzanga akufa ndi nsanje. Zoti sindidziwa kusambira tidzakamba tsiku lina.

Vuto linali mayiwa. Iwo amafuna timange yathu ku Kanakantapa, pomwe mwini nyumba akufuna yankho Lolemba. M'minibasi anandiseka: "Atate ake Dalitso, mufuna dziwe? Tikaumba njerwa pazasala dzenje. Mvula ikagwa muzisamba mwamene umo na abakha."

Titafika anamanga chitenge, natsikira m'dziwe muja. Anagogoda khoma, kufunafuna ming'alu, osaipeza. Ine thukuta kamukamu.

"Madzi yakadzala muno, yangafike mpaka mvula?" anafunsa.

"Yangafike, amake mwana."

"Tigula. Apa kumunsi nizabyala repu na tomato. Ku maketi ya Chongwe bazaniziba."

Ndiye nyumba ndi yathu! Ndinapempha mwaulemu kuti ndizisambamo mwa apo ndi apo. Akuti inde, bola ndisalowe ndi sopo, ndingaphe ndiwo zawo.

Mawa ndikafunse alamu ngati akadali ndi chubu cha thirakitala choti ndiziyandama nacho, chifukwa munthu wa dipuloma kumira m'madzi othirira repu...