Utsi wa pa windo langa

Amayi,

Wandigulitsa ndi Magalasi, mnyamata wa kuntchito uja ndinakuuzani kuti amalankhula ngati anameza wailesi. Ndayamba ndi iyeyo chifukwa wandikhala pakhosi. Kaya inu muli bwanji ndi mwendo uja? Mwana wanga akudya? Ine m'thupi ndili bwino, koma mtima suli m'malo.

Paja ntchito yathu ndi ya masewera a pakompyuta. Pali pulogalamu yaulere yopangira masewerawa, yomwe aliyense angathe kuitenga n'kuikonza. Gawo langa ndi kulemba malangizo ndi kuphunzitsa anthu kupanga utsi, moto ndi mvula za m'masewera. Utsi timaupanga ndi timadontho tambirimbiri, kalikonse kamabadwa, kamakwera, kenako kamazilala. Ukalakwitsa umangooneka ngati thonje.

Ndiye Magalasi anati tijambule phunziro la utsi pa vidiyo. Ndinamuuza kuti ajambule manja anga ndi kompyuta basi, ndipo chifukwa chake sindinamubisire: ndinathawa bambo a mwana wanga, sadziwa kumene ndili. Anavomera mpaka kugwira pamtima.

Tinajambulira m'chipinda changa poti ku ofesi kuli phokoso. Pofuna kuonetsa mmene utsi weniweni umapyapyalira ukamakwera, ndinaloza pa windo, ku chumuni cha bekale yophika buledi ya tsidya la msewu. Iye n'kutembenuza kamera. Zonse zinalowa: chumuni, chikwangwani cha bekale, pokwerera basi, ndi nkhope yanga pa galasi la windo. Anaika pa intaneti osandionetsa.

Nditamufunsa anati utsiwo unali wokongola, kuudula kukanakhala kuwononga, komanso ntchito yathu ndi ya poyera, sitibisa kanthu. Ndinamuyankha kuti ya poyera ndi pulogalamu, osati khomo langa, ndipo magalasi akewo angopatsa mbuzi ivale. Vidiyo anaichotsa, koma lamulo lathu limalola aliyense kukopera. Ena anali atakopera kale n'kuika kwawo. Sitingaibweze.

Pansi pa vidiyo ina mwa zokoperedwazo, pomwe ophunzira amalemba mafunso, munthu wopanda chithunzi analemba kuti phunziro ndi labwino koma aphunzitsi aonda, n'kufunsa ngati dzino lija ndinakaikitsa lina. Amayi, nkhani ya dzinolo timaidziwa ndi inu, ine, ndi amene analigulula.

Dzulo mayi wa pa bekale anandiitanira pambali. Akuti kunabwera bambo wina waulemu kwambiri, anagula buledi, n'kuima panja kuyang'ana chumuni. Kenako anatembenuka n'kuyamba kuyang'ana mawindo a nyumba yathu, limodzi limodzi. Anabwerera n'kufunsa kuti, "Kodi utsi uwu umaoneka bwino pa windo liti?" Mayiyo anati sakudziwa. Akuti bamboyo anangoseka chapansipansi. Kaseko kameneko inu mukukadziwa. Buledi anamusiya pa kauntala.

Pempho langa ndi limodzi. Mukangowerenga kalatayi mutenge mwana mupite naye kwa azakhali, osadikira kuti sukulu itseke, osatsanzika aliyense. Bambo a mwanayo akandisowa kuno adzafika kwanuko ndi shuga ndi mawu okoma, monga amachitira. Musadzamupatse mpando. Amalume akayamba zija zoti banja n'kupirira, muwauze akakwatiwe naye okha.

Ine ndasamuka m'mawa uno. Makatani ndawasiya otseka kuti aziyang'ana kumeneko. Kumene ndapita sindilemba, ngakhale kwa inu. Ntchito sindisiya, phunziro la moto ndilemba pa pepala lokha, popanda nkhope kapena mawu anga.

Magalasi anabwera maso ali ofiira, akuti andinyamulireko katundu kuti ndione kuti walapa. Ndinamuuza kuti munthu amene sanathe kusunga windo sangasunge khomo, ndipo zikwama ndinanyamula ndekha. Za iyeyo zathera pano. Musadzandifunse, sindidzamutchulanso.

Mupereke moni kwa azakhali, achemwali ndi alamu. Amalume muwapatse ngati watsala. Mwana wanga mumuuze kuti kwa azakhali akupita kukacheza.

Ndine mwana wanu,
uja mumati pakamwa ngati lumo